Mabatani Atatu a ku Nathenje

Mitundu, chaka chachitatu cha matipate

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Zimenezo mukafunse azakhali anu, amene amazikumbuka bwino ndipo amathiramo ndi zawo zomwe. Ine ndiyambira pa ntchito. Ndinalembedwa ngati kalaliki wa pasikelo pa depoti ya kampani ina ya fodya pa Mitundu, kulemba kulemera kwa mabelo a alimi amene kampaniyo inkawanyamulira ku okushoni. Zaka zisanu ndi zinayi ndinagwira cholembera. Matipate atabwera anabwera ndi makompyuta, ndipo poti ndinali ndekha wodziwa kutayipa ndi zala zoposa ziwiri, ananditumiza m'tauni kukaphunzira masabata asanu ndi limodzi. Ndinabwerako ndi njinga yamoto, nyumba ya kampani yokhala ndi magetsi imene ena a inu munabadwiramo, ndi mutu waukulu kuposa chipewa. Anthu ankanditchula kuti a Mbewe a makina. Mwakhala mukundifunsa chimene tinachokera m'nyumba ija n'kukakhala kogwiritsa koloboyi, ine n'kumangoti ndi za ntchito. Lero ndikuuzani zonse.

Kompyuta yeniyeni inali imodzi, ku likulu m'tauni. Ife pa Mitundu ndi anzathu a depoti ya pa Nathenje tinali ndi masikirini a zilembo zobiriwira ndi mabatani basi, zolumikizidwa ku likuluko kudzera pa waya wa foni. Mlimi aliyense anali ndi fayilo yake m'makinamo: dzina, nambala yogulitsira fodya, ndi mabelo amene ali m'shedi. Makinawo anali ndi lamulo limodzi losapindika. Munthu akatsegula fayilo, inkadzikiya, ndipo wina aliyense wofuna kusinthamo kanthu sikirini inkamuyankha m'Chingerezi kuti fayiloyi yagwidwa ndi uje, dikirani. Theka la ntchito yanga linali kuthamangitsana ndi uthenga umenewu. Wina watsegula fayilo n'kupita kukamwa tiyi. Wina magetsi amuthimira ali pakati. Ndinkaona mndandanda wa amene ali m'makina, kumuimbira foni wolakwayo, kumunyoza pang'ono kuti atseke. Akasowa, ndinali ndi mphamvu yomuchotsa ndili pampando wanga, tinkati kumudula. Koma fayilo ya munthu wodulidwa sinkamasuka pompopompo. Inkadikira madzulo, likulu likamasesa makina, ndiye mawa lake m'mawa inkapezeka yomasuka. Gwiritsitsani zimenezi chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Zosowa zinali zambiri. Riboni ya pirinta tinkaibweza mpaka zilembo zinkaoneka ngati mapazi a nyerere. Waya wa foni anthu ankaudula kukayanikira zovala. Manijala wathu, a Kapalamula, makina sankawadziwa ndipo sankawakhudza, koma ankakonda kuima kumbuyo kwa munthu akamatayipa, manja ali m'thumba. Pa Nathenje kalaliki anali a Mangani, bambo wachikulire, wachifuwa, woyenda ngati akuopa kudzutsa nthaka. Mawu achinsinsi olowera m'makina ankawaiwala sabata iliyonse. Nditatopa ndi ulendo wa fumbi, ndinawaphunzitsa chimene aphunzitsi athu anatiletsa: kusungira dzina lawo, mawu achinsinsi ndi nambala ya fayilo m'mabatani a pamwamba, kuti akangodina limodzi lizidzilembera lokha. Anandithokoza ndi nzimbe ziwiri.

Juni, chaka chotsatira

A Mangani anamwalira kuchipatala mwezi wa Meyi, msika wa fodya uli pakati. Tinakawaika. Ofesi yawo inatsekedwa monga mmene anaisiyira, kudikira abale awo ochokera kutali kuti adzatenge katundu, chifukwa zinthu za malemu sizigwidwa ndi munthu wapadera. Kalaliki wina likulu silinatumize. Mapepala a pa Nathenje anayamba kubwera pa minibasi kuti mayi Chiwaya, kalaliki wa pa Mitundu, aziwalowetsa.

Patatha masabata atatu, Lolemba lina m'mawa, mayi Chiwaya anandiitana. Anali atakankhira mpando kumbuyo, manja ali pachifuwa. A Kapalamula anali chiimire pambali pawo ndi bambo wina wa jekete lachikopa amene sindinkamudziwa.

"A Mbewe, tabwerani muwerenge nokha. Ine pakamwa panga sipatchula."

Sikirini inati fayiloyi yagwidwa ndi MANGANI, dikirani.

Ndinaseka, ndipo kuseka kumeneko ndimachita nako manyazi mpaka lero. Ndinati ndi loko wakale, wotsala tsiku limene malemu anadwala. Ndinawadula, n'kuuza a Kapalamula kuti mawa fayilo ikhala yomasuka. Iwo anati zichitike msanga, chifukwa bambo wajeketeyo mchimwene wake anamwalira, ndipo nambala ndi mabelo khumi ndi anayi amene anali m'shedi pa Nathenje ziyenera kupita m'dzina lake. Sindinafunse kalikonse. Ine ntchito yanga inali makina.

Lachiwiri, eyiti koloko, mayi Chiwaya anayesanso. MANGANI. Apa ndinakhala pansi. Ndinasindikiza pepala losonyeza amene analowa m'makina ndi nthawi yake. Sanali loko wakale ayi. Likulu linkatsegula mawaya hafu seveni, ndipo mphindi ziwiri kapena zitatu pambuyo pake dzina la a Mangani linkalowa, kutsegula fayilo imodzi yokhayi, osasinthamo kanthu, n'kutuluka faifi koloko madzulo. Ndinabwerera m'mbuyo tsiku ndi tsiku. Chimwalirire chawo anajomba masiku awiri okha, la maliro ndi lotsatira lake. Lamulungu sankalowa. A Mangani anali munthu wopemphera.

Ndinaimba foni ya pa Nathenje, imene inali m'ofesi yokiyidwayo. Inali bize. Ndinaimbanso masana, bize. Ndinkadziwa bwino kuti pa Nathenje waya ndi umodzi, ndiye makina akamalankhula ndi likulu foni imakhala bize, koma kudziwako sikunandithandize. Ndinaima ndi foni kukhutu, dzuwa lili phwee panja, alimi akukangana pasikelo. Ndinawadulanso. Lachitatu anabwera. Ndinapempha likulu kuti lisese kawiri. Lachinayi anabwera. Mayi Chiwaya anayamba kuika Baibulo pamwamba pa sikirini, ndipo ogwira ntchito m'shedi anasiya kudutsa pawindo la chipinda cha makina.

A Kapalamula anandiitanira mu ofesi mwawo.

"A Mbewe, kampani inakuphunzitsani kuti muzigonja kwa akufa?"

"Ayi bwana, ndikufufuza."

"Bambo uja ndi wapampando wa chipani kudera lake. Masiku ano si kale, munthu amangokwera minibasi kukakunenera. Fufutani dzina la Mangani m'makina, lichokeretu. Lolemba ndipeze fayilo yomasuka."

Kufufuta dzina kunali kophweka, mphindi imodzi. Koma kudzikonda kunandigwira. Ndinkafuna ndione kaye chimene chinkandipusitsa.

Nathenje, Lachisanu la sabata lomwelo

Ndinanyamuka kukuzizira, ndinafika seveni itangokwana. Mlonda anandilozera ofesi ndi mlomo, osayandikira. Chitseko chinali ndi loko, makatani otseka. Ndinasuzumira pampata ndipo ndinaona mdima wokha. Ndinakhala pa belo losweka pakhonde la shedi kudikira, ndikudziuza kuti ndine munthu wophunzira.

Itatsala pang'ono hafu seveni anatulukira a Naphiri, mayi wosesa pa depotiyo, wamkulu ngati amayi anga, tsache kukhwapa. Anandipatsa moni, n'kumasula kiyi pamfundo ya chitenje, kutsegula. Ndinawatsatira. M'katimo munkanunkha fodya ndi mankhwala opaka a chifuwa. Jekete la a Mangani linali pampando, mapewa ake atakhala ngati munthu wawerama. Kapu yawo inali patebulo, tiyi atauma pansi pake. Pansi panali posesedwa bwino paliponse kupatula pansi pa mpandopo, pamene fumbi linasiyidwa lozungulira. A Naphiri anavundukula nsalu pa sikirini, kuyatsa pakhoma, kudikira kuti makina amalize kulira, kenako ndi chala chimodzi anadina mabatani atatu a pamwamba. Loyamba linali ndi kadontho kamodzi ka penti yofiira, lachiwiri timadontho tiwiri, lachitatu titatu. Anavundikiranso nsalu n'kuyamba kusesa.

Mantha anandichoka, kenako ndinapsa mtima.

"Amayi, mukudziwa chimene mwachitachi? Mitundu yonse sikugona chifukwa cha inu!"

"Ine sindidziwa, achimwene. Kuwerenga sinditha. Ndinangouzidwa."

"Ndi ndani?"

"Ndi eniake a mpandowo. Tsiku lopita kuchipatala anandiitana, anati Naphiri, ili, ili, ndi ili, m'mawa ulionse Mitundu isanatsegule, madzulo uzithimitsa. Anati uli ngati mwala umene timasiya pamzere wa pachigayo kuti malo asalowe wina. Anati uzichita mpaka ndibwere."

"Koma sabweranso, amayi."

Anandiyang'ana ngati ndanena zachibwana.

"Nanga anandimasula? Munthu akakusiyira mawu n'kupita, umawataya panjira?"

Ndinafunsa kuti malowo akusungira ndani. Anaimika tsache n'kundiuza. Mwini fayiloyo anamwalira fodya ali m'chigafa. Amene anathyola, kusoka, kusankha ndi kudinda mabelo khumi ndi anayi aja anali mkazi wake, mayi Esinati, ndi ana ake anayi. Mlamu wake wajekete uja sanagwireko ngakhale tsamba limodzi. Anabwera kwa a Mangani kuti asinthe dzina, iwo anakana, ndiye anapita kwa a Kapalamula. A Mangani anauza mayi Esinati kuti akatenge kalata ya chidindo kwa DC yonena kuti nambala ya mwamuna wake yatsala m'manja mwake, iwo amugwirira fayilo mpaka abwere nayo. Mayiyo anali atapita m'tauni kanayi. Ulendo uliwonse ankamuuza kuti osayina kulibe, abwere sabata yamawa.

Ndinapita m'shedi kukaona mabelowo. Anali pakona, atafundidwa lona, nambala ya malemu italembedwa ndi dzanja losazolowera. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Kufufuta dzina la a Mangani kunali koyenera, ndipo likulu likanadziwa kuti wosesa akulowa m'makina ndi mabatani amene ndinaphunzitsa ine, tikanachotsedwa tonse awiri. Koma ndinkadziwanso kuti Lolemba eyiti koloko fodya uja adzakhala wa munthu wina, ndipo ndi chala changa chimene chidzakhale chitachotsa mwalawo. Ndinaganiza za nyumba ya magetsi. Ndinaganiza za amayi anu, amene anali ndi pakati pa iwe Chikondi. Ndisakunamizeni kuti ndinalimba mtima msanga. Ndinachita mantha, ndipo Loweruka ndi Lamulungu chakudya sichinandilowe.

Sabata lotsatira

Dzina la a Mangani ndinalifufuta Lachisanu lomwelo madzulo, monga anandilamulira. Zimene zinasungidwa m'mabatani atatu aja ndinazifufutanso. Lolemba ndinauza amayi anu kuti ndikukakonza waya, ndipo hafu seveni inandipeza mu ofesi ya malemu. Mpando unali umodzi wokha. A Naphiri anandiona ndikuukoka.

"Mukhala pamenepo?"

"Ndikhala, amayi."

"Jeketelo musalichotse."

Ndinakhala kutsogolo kwenikweni kwa mpando kuti msana usaligunde, koma linkandikhudzabe m'khosi. Ndinalowa ndi dzina langa n'kutsegula fayilo ija. Eyiti koloko, sikirini ya pa Mitundu inati fayiloyi yagwidwa ndi MBEWE.

Masana a Kapalamula anafika pagalimoto. Anaima pakhomo, phazi lawo silinadutse chiundo cha chitseko.

"A Mbewe, tulukani m'menemo."

"Ndikuyesa makina, bwana. Loko uja wavuta."

"Musandiyese mwana. Ndalemba kale kalata ku likulu kuti akuchotseni m'makina. Pofika Lachisanu mudzakhala munthu wamba."

"Ndamva bwana."

Anayang'ana jekete lili kumbuyo kwangako, anayang'ana kapu, n'kubwerera ku galimoto. Analamula mayi Chiwaya kuti azifika hafu seveni, ndiye unasanduka mpikisano wa m'mawa ulionse, ine pa Nathenje iwo pa Mitundu, kulimbirana kuti alowa ndani poyamba. Lachiwiri ndinapambana. Lachitatu ndinapambana. Sindikudziwa ngati zala za mayi Chiwaya zinkachita dala kuchedwa. Tsiku lonse ndinkangokhala, kuyang'ana zilembo zobiriwira, chifukwa fayilo yogwira sufunika kuichita kanthu. Ofesiyo inali ya zii. Nthawi zina mpando unkalira ndisanasunthe. A Naphiri anatumiza uthenga kumudzi kwa mayi Esinati kuti masiku atha, akagone pakhomo pa DC ngati kungafunike.

Lachinayi ndinafika n'kupeza Nathenje yonse ilibe magetsi. Chigayo chili chete, wowotcherera zitsulo atakhala pabenchi. Foni yokha inkagwira. Ndinaimba pa Mitundu n'kumva pirinta ikulira kumbuyo, ndinadula osalankhula. Kumeneko magetsi analipo. Likulu linali litasesa dzulo lake, fayilo inali yomasuka, dzina la a Mangani kulibe, langa silingalowe. Hafu seveni inadutsa. Eyiti inadutsa. Ndinakhala pampando uja kuyang'ana sikirini yakuda, mmene ndinkaonamo nkhope yanga ndi mapewa a jekete kumbuyo. Ndinalira, ana anga, osati mokweza. Ndinali nditataya nyumba pachabe. A Naphiri anasesa monga mwa masiku onse, kuzungulira mpando.

Magetsi anabwera teni itapitirira. Ndinalowa nthawi yomweyo. Fayilo inatseguka mosavuta, ndipo dzina linali lomwe lija la mwamuna wa mayi Esinati, mabelo khumi ndi anayi, osasinthidwa ngakhale kadontho. Ndinaganiza kuti mwina waya wa makina a pa Mitundu unaduka, n'kuthokoza akuba.

Mayi Esinati anafika masana a tsiku lomwelo, wamfupi, wowonda, fumbi mpaka m'maondo, kalata ataikulunga m'pepala la shuga. Chidindo chinalipo. Lamulo la kampani linkalola aliyense wa makina kusintha dzina akaona kalata yotero, ndiye ndinatayipa dzina lake pang'onopang'ono, kumufunsa chilembo chilichonse. Anagwada pakhomo.

"Ndithokoze ndani, bambo?"

A Naphiri ndiwo anati, "Thokoza amene anakugwirira malo."

Ndinatseka fayilo. A Naphiri anachotsa jekete pampando, kulipinda bwinobwino, kuika kapu pamwamba pake. Kenako anasuntha mpando n'kusesa pansi pake. Mabelo anakwera lole ya Loweruka.

Mitundu, Lachisanu

Kalata yanga inali patebulo. Sanandichotse ntchito. Ananditumiza ku depoti ina yakutali kupitirira Malingunde, kopanda magetsi, kubwerera pasikelo ndi cholembera. Njinga ndi nyumba ndibweze pakutha pa mwezi. A Kapalamula anandipatsa kalatayo osandiyang'ana, osanyoza, zimene sizinali khalidwe lawo. Ndinaona kuti podutsa chipinda cha makina ankalambalala.

Mayi Chiwaya anandikokera pambali.

"A Mbewe, munati munawafufuta."

"Ndinawafufuta. Dzulo waya wanu unaduka eti?"

"Waya unali bwinobwino. Ndinalowa hafu seveni, abwana ali kumbuyo kwanga, wajekete uja ali pakhomo. Ndinayesa kasanu ndi kawiri mpaka teni koloko. Inkangoti yagwidwa ndi MANGANI. Abwana anawerenga okha, anati zisiyeni, n'kutuluka."

Ndisanabweze makiyi ndinasindikiza pepala la olowa m'makina la Lachinayi lija. Kuyambira hafu seveni mpaka teni palibe aliyense wa pa Nathenje amene analowa. Likulu linasesa bwinobwino. Dzina la a Mangani m'makina munalibe. Kwa zaka zambiri ndinkauza anthu kuti mwina makina anasunga dzina lakale penapake n'kulitulutsa molakwika, ndipo amene sadziwa makina ankagwedeza mutu. Ndinaganizaponso kuti mayi Chiwaya ananama pofuna kuthandiza mayi mnzawo, koma a Kapalamula kuwerenga ankatha. Ntchito ya makina ndinaibwerera patapita zaka zisanu, pa kampani ina, ndipo maloko ndamasula osawerengeka mpaka kupuma kwanga. Aliyense ndinkamupezera chifukwa chake, kupatula ameneyu.

Tsiku losamuka, katundu ali pa thirakitala, amayi anu osandilankhula, ndinakwera minibasi kukatsanzika a Naphiri. Ndinawapeza akusesa pakhonde. Abale a malemu anali atabwera kudzatenga jekete ndi kapu, ofesi ili yotsegula, makatani akuuluzika. Ndinawauza zimene mayi Chiwaya anaona, ndikuyembekeza kuti adzidzimuka. Sanasiye n'kusesa komwe.

"Inu munali mulibe magetsi, ine munandilanda mabatani," anatero. "Nanga mumati akanagwira ndani?"